Kuŵerenga Mpweya wa Maiko Akutali

Kuyambira mwezi wa Meyi kufikira Ogasiti, anthu a ku Mulanje amachidziŵa chiperoni: mphepo yozizira yochokera cha ku phiri la Chiperone ku Mozambique, yobwera ndi nkhungu ndi mvula yowaza. Chikafika, phiri lonse limabisika, ndi Sapitwa yemwe, msonga yotalika mamita 3,002, ndipo mlendo angalumbire kuti kuseri kwa minda ya tiyi kulibe phiri. Vuto lomweli la mitambo yobisa zinthu ndilo likusautsa akatswiri ofufuza mpweya wokuta mapulaneti ozungulira nyenyezi zina, maiko amene munthu sadzapondako phazi.

Mbiri yake idayamba ndi Nthanda, imene azungu amaitcha Venus. M'chaka cha 1761 pulanetili lidadutsa pakati pa dzuŵa ndi dziko lapansi, nkumaoneka ngati kadontho kakuda pankhope ya dzuŵa. Mikhail Lomonosov, poyang'ana ali ku St Petersburg, adaona kamkombero koŵala m'mphepete mwa kadonthoko, nanena kuti Nthanda ili ndi mpweya woikuta. Kudutsa kotereku kudachitikanso pa 8 Juni 2004, ndipo kukadatha kuoneka m'Malaŵi muno m'maŵa wonse kwa amene anali ndi magalasi otetezera maso, malinga chiperoni chikadapanda kuŵaphimbira.

Koma kudziŵa kuti mpweya ulipo nkwina, kudziŵa kuti ngwamtundu wanji nkwinanso. M'chaka cha 1814 Joseph von Fraunhofer, mmisiri wa magalasi wa ku Germany, adamwaza kuŵala kwa dzuŵa kukhala mitundu ya utawaleza, napezamo timizere takuda toposa 500. Tanthauzo lake iye sadalidziŵe. Adadzalimasulira ndi Gustav Kirchhoff ndi Robert Bunsen ku Heidelberg cha m'ma 1859: chinthu chilichonse chimameza chigawo chakechake cha kuŵala, ndi kusiya mzere pamalo pake, monga nyama isiya mapazi pamatope. Mlenje wodziŵa sasoŵa kuiona mbaŵalayo kuti anene chimene chadutsa.

Padapita zaka zoposa 130 nzeruyi isanagwire ntchito pa maiko a nyenyezi zina, pakuti maikowo anali asanapezeke. Michel Mayor ndi Didier Queloz a ku Geneva adalengeza loyamba lozungulira nyenyezi yonga dzuŵa mu 1995. Mu 1999 kudaoneka kuti lina, lotchedwa HD 209458 b, limadutsa kutsogolo kwa nyenyezi yake monga Nthanda ija. Pa nthaŵi yodutsayo, kachigawo kochepetsetsa ka kuŵala kamapyola mu mpweya wa pulanetilo, nkubwera kuno katanyamula timizere take. Mpweya wa dziko lapansi umasokoneza uthenga wofooka chotere, nchifukwa chake telesikopu ya Hubble, imene idaponyedwa m'mlengalenga mu 1990, idali yofunika. Mu 2001 David Charbonneau ndi anzake adalengeza kuti apezamo sodiyamu, chimodzi mwa zinthu zopanga mchere. Ena adadzakayika za sodiyamuyo patapita zaka, komabe njira idali itatseguka.

Apa mpamene mitambo idaloŵerera. Mu 2014 gulu la Laura Kreidberg wa ku Chicago lidalengeza kuti lidalozetsa Hubble kangapo konse pa pulaneti GJ 1214 b, koma mizere idakana kuoneka. Chidali chiperoni cha dziko lina: mitambo kapena nkhungu yapamwamba idaphimba zonse.

Telesikopu ya James Webb idanyamuka pa 25 Disembala 2021 kuchokera ku Kourou, French Guiana. Galasi lake ndi lotambalala mamita 6.5, ndipo imakhala pa mtunda wa makilomita pafupifupi 1.5 miliyoni kuchokera kuno. Mwa zoyamba zimene idaonetsa pa 12 Julayi 2022 padali nthunzi ya madzi mu mpweya wa WASP-96 b, pulaneti lotentha koopsa limene kuŵala kwa nyenyezi yake kumatenga zaka zoposa 1,000 kuti kufike kuno. Nkoyenera kukumbukira kuti pulanetili lidapezeka ndi makamera a WASP-South amene adaikidwa ku Sutherland, South Africa. Akatswiri ankati thambo lake ndi loyera, koma Webb idapezamo zizindikiro za mitambo ndi nkhungu. M'Ogasiti chaka chomwecho idapeza carbon dioxide, mpweya umene munthu amatulutsa popuma, pa WASP-39 b.

Chimene onse akuchifuna, ngakhale ambiri sachitchula msanga, ndi chizindikiro cha moyo. Mu 2023 gulu la Nikku Madhusudhan wa ku Cambridge lidapeza methane ndi carbon dioxide pa K2-18 b. Mu Epulo 2025 gululo lidanena kuti laona chizindikiro cha dimethyl sulfide, mpweya umene padziko pano umatuluka makamaka m'tizomera ta m'nyanja zamchere. Manyuzipepala adathamanga nayo nkhaniyi kuposa mmene umboni udaliri. Pasanapite miyezi ingapo, magulu ena adapendanso miyeso yomweyo, nanena kuti chizindikirocho nchofooka kwambiri, ndipo kuti mipweya ina ingathe kusiya timizere tofanana nato.