Mmene chipatala chinayambira kulondola odwala opanda pokhala

Lero tisiye kaye za phala la ana, tikambe mbiri.

Mukalawirira kumsika mumapeza munthu atagona pakhonde la golosale, atafunda thumba. Ambiri timangoti "wamisala uyo" n'kudutsa. Koma akadwala malungo, kapena bala la pamwendo likayamba kununkha, amamuona ndani? Funsoli si latsopano m'dziko muno.

Funsani agogo za khate. Kale munthu akaoneka ndi khate, m'midzi yambiri ankamumangira kachisakasa kunja kwa mudzi, mbale yake payokha. Ena ankathamangitsidwa, n'kumayenda uku akupempha. Amishoni ndiwo anayamba kuwasonkhanitsa. Ku Mua, m'boma la Dedza, ansembe a Katolika anatsegula malo a odwala khate mu 1927. Kumeneko munthu ankapeza pogona ndi chakudya, koma ankakhala zaka kutali ndi abale. Chifukwa choopa zimenezi, ambiri ankabisa matenda mpaka zala kuduka.

Zinthu zinasintha pakati pa zaka za m'ma 1960, pamene bungwe la LEPRA la ku Britain linayamba ntchito yake m'chigawo chakummwera. M'malo modikira odwala, ogwira ntchito ankakwera ma Land Rover ndi njinga, n'kukakumana nawo pansi pa mtengo kapena pamphambano, pa tsiku lodziwika, atanyamula mapiritsi a dapsone. Wodwala akajomba, ankamulondola. Kenaka ntchitoyi inafalikira m'madera ena, ndipo m'zaka za m'ma 1980 kunabwera mankhwala ophatikiza amene amachiza khate msanga. Pofika 1994, odwala anali atachepa kwambiri moti khate linasiya kuwerengedwa ngati vuto lalikulu la dziko. Taonani: chinagwetsa khate si makoma a chipatala, koma mankhwala ofika pamene munthu ali, aulere, pa tsiku losaphonya.

Nzeru yomweyi inathandizanso pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Malawi inali ikusunga othawa kwawo oposa 1 miliyoni, ku Nsanje, Ntcheu, Dedza ndi madera ena a m'malire. Katemera wa chikuku ndi chithandizo cha kolera zinkaperekedwa m'misasa momwemo, m'matenti. Mu Marichi 2023 namondwe Freddy atasiya anthu oposa 600,000 opanda pokhala kummwera, anamwino ndi alangizi a zaumoyo ankapita kusukulu ndi kumatchalitchi kumene anthu ankagona, atanyamula ma ARV, katemera wa ana ndi mankhwala othira m'madzi. Ambiri mwa anthu amenewo dzulo lake anali ndi nyumba ngati inu ndi ine.

Alangizi a zaumoyo amene mumawaona panjinga nawonso anachokera ku ntchito yoyenda: poyamba anali obaya katemera wa nthomba, kenaka olimbana ndi kolera m'zaka za m'ma 1970. Choncho njira yofikira munthu wopanda nyumba ilipo kale m'mudzi mwanu. Chosowa nthawi zambiri ndi munthu wokanena.

Ndiye mungachite chiyani? Mukadziwa munthu wogona pamsika kapena m'chigumula, uzani mlangizi wa zaumoyo, amfumu kapena komiti ya zaumoyo. Chipatala cha boma n'chaulere, ndipo n'cha aliyense, wanyumba ndi wopanda nyumba yemwe. Akakhala kuti akutsokomola kupitirira milungu iwiri, akuonda ndi kutuluka thukuta usiku, ayezedwe TB. Akakhala ndi chigamba chotuwa pakhungu chosamva kukhudza, apimidwe khate, chifukwa silinatheretu. Mankhwala ake ndi aulere, amamwedwa miyezi 6 kapena 12, ndipo munthu akangoyamba kumwa sapatsiranso ena. Akagwa khunyu, muchotseni pafupi ndi moto, mugonekeni chammbali, ndipo musamuike supuni m'kamwa. Khunyu silipatsirana. Matenda a maganizo nawonso ali ndi mankhwala. Kumanga ndi chingwe kapena kumenya si chithandizo.

Chovuta kwa munthu wopanda pokhala si kuyamba mankhwala, koma kuwapitiriza. Alibe posungira, alibe womukumbutsa, nthawi zina alibe choika m'mimba. Apa ndi pamene banja limodzi, kapena gulu la amayi a kumpingo, lingamusungire mankhwala ndi kabuku kake ka kuchipatala, n'kumamupatsa ndi kaphala m'mawa uliwonse.

Agogo athu ankathamangitsa odwala khate chifukwa cha mantha, panthawi imene mankhwala kunalibe. Ife mankhwala tili nawo. Mawa mukadutsa pakhonde paja, mufunseni dzina lake ndi pamene pakumupweteka, kenaka mukauze alangizi.