M'mene Nyanja ya Mcere Inapezera Malire

Kale anthu a ku Ulaya anali kunena kuti nyanja ya mcere iribe mwini. Maiko ambiri anali kulamulira madzi a m'gombe mwao mailosi atatu okha, ndipo kupitirira apo ali yense anali kusodza monga afuna. Palibe amene anaganiza kuti nsomba zingathe. Koma pamene zinabwera sitima zazikuru zokoka makoka ndi makina, asodzi anayamba kuona kuti nsomba zirikucepa.

Amene anadandaula koposa ndiwo anthu a ku Iceland, cisumbu ca kumpoto kozizira kumene cimanga sicimera, ndipo cuma cao cambiri cinali nsomba, makamaka yochedwa cod. Sitima za Angelezi zinali kudzakokolola nsombazo pakhomo pao peni-peni. Tsono m'caka ca 1958 Iceland anakankha malire ace kufika mailosi 12, mu 1972 mailosi 50, ndipo mu 1975 mailosi 200. Nthawi zonse zitatu Britain anakana, natumiza sitima zankhondo kukachinjiriza asodzi ace.

Inali nkhondo yodabwitsa ndithu. Iceland analibe gulu la asilikari, ndipo anthu ace sanali kukwana 250,000. Koma alonda a m'gombe anapanga citsulo cakuthwa cimene anali kukoka pansi pa madzi, nadula naco zingwe za makoka a Angelezi, makokawo namira ndi nsomba zomwe. Sitima zinagundana kawiri-kawiri. Potsiriza, mu 1976, Britain anagonja, ndipo asodzi ambiri a ku Hull ndi Grimsby anataya nchito.

Cimene Iceland anamenyera cinasanduka lamulo la onse mu 1982, pamene maiko anasaina pangano la United Nations ku Montego Bay, m'dziko la Jamaica. Linayamba kugwira nchito mu 1994. Dziko la m'mphepete mwa nyanja liri ndi ulamuliro pa nsomba ndi cuma cina kufikira mailosi 200, komanso udindo wakuzisunga. Maiko opanda gombe, monga Malawi ndi Zambia, analandira ufulu wakupititsa katundu wao kudoko.

Udindo uja ndiwo unabvuta. Canada anali nao malire ace a mailosi 200, koma asodzi anapha cod mopyola muyeso, kotero kuti mu 1992 boma linatseka usodzi wace ku Newfoundland. Madzi akutali, opyola malire a dziko liri lonse, anadikira kufikira 2023 kuti maiko agwirizane za pangano lakuteteza zamoyo za m'menemo.