Chithunzi chopepuka n'chomwe chinkawoloka madzi

Anzanga, mukukumbukira Januwale wa 2022, namondwe Ana ataononga damu la Kapichira ndi kugumula mlatho wa Chapananga? Magetsi anazima, mafoni ankangotsala ndi moto pang'ono, netiweki ikubwera n'kumapita. Komabe anthu ankafuna kuti abale awo ku Blantyre ndi ku Joni aone momwe madzi afikira. Zinabwerezanso mu Malichi 2023 ndi namondwe Freddy, pomwe anzathu a ku Makhanga anazingidwa ndi madzi. Masiku ngati amenewo chithunzi cha ma MB asanu chimangozungulira pa sikirini mpaka batire kutha, pomwe cha ma KB 200 chimadutsa.

Vuto la chithunzi cholemera pa njira yopapatiza silinayambire kuno. Mu 1957 Russell Kirsch wa ku America analowetsa chithunzi cha mwana wake wakhanda mu kompyuta. Chinali cha timadontho 176 mulitali, 176 mulifupi, basi, chifukwa makinawo sakanatha kunyamula zambiri. Lero foni ya ma megapixel 12 imajambula timadontho 12 miliyoni. Ikanati izisunga kadontho kalikonse momwe kalili, chithunzi chimodzi chikanamalemera pafupifupi ma MB 36. Tangoganizani bandulo yanu ya pa tsiku!

Chomwe chimatipulumutsa ndi JPEG, yomwe akatswiri anagwirizana mu 1992 potengera masamu omwe Nasir Ahmed, wobadwira ku India, anatulutsa ndi anzake mu 1974. Nzeru yake ndi yochenjera. Diso la munthu limaona msanga kuwala ndi mdima, koma silisiyanitsa kwenikweni mitundu yofananirako. Ndiye JPEG imadula chithunzi m'timabokosi ta madontho 8 mulitali, 8 mulifupi, n'kutaya zomwe diso silingazifunse. Ma MB 36 aja amatsika kufika atatu kapena anayi, inu osazindikira kuti pachoka kanthu. Koma chotayidwacho sichibwerera. Mukachikonza n'kuchisunganso, chimatayanso zina. N'chifukwa chake zithunzi zina za kusefukira kwa madzi kwa 2015 zomwe zimayendabe m'magulu zimaoneka ngati zinanyowa nawo: zadutsa m'mafoni ambiri, wina kuchidula, wina kuchijambula pa sikirini.

PNG inabadwa pa mkangano. GIF inalipo kale kuyambira 1987, ya mitundu 256 yokha, koma kumapeto kwa 1994 kampani ya Unisys inayamba kufuna malipiro pa njira yomwe GIF inkapanikizira zithunzi. Anthu opanga mapulogalamu anakwiya, n'kupanga yawo yaulere, yomwe inakhazikitsidwa mu 1996. PNG sitaya kalikonse, choncho ndi yabwino pa zolemba, pa logo ya kalabu yathu ndi pa chikalata choitanira anthu ku msonkhano. Koma chithunzi cha timu ya mpira mukachisunga mu PNG, mwadzilemetsa nokha. Google inabwera ndi WebP mu 2010. Masitika omwe timasekera pa WhatsApp aja ndi amtundu umenewu.

WhatsApp imapeputsa yokha chithunzi musanatumize, ndipo kwa ine zimenezi n'zotikomera ife a kuchigwa kuno kuposa batani la HD lomwe anaonjezera mu 2023. Kuonetsa kuti msewu waduka sikufuna HD ayi. Pomwe pamavuta ndi pa pepala. Mndandanda wa mayina a anthu oti alandire ufa ku kampu, wolembedwa ndi bolopeni, ukajambulidwa chapatali kenako n'kupanikizidwa, 3 amaoneka ngati 8, dzina la agogo ena osawerengeka. Pamenepo yandikitsani foni, jambulani tsamba limodzi limodzi powala, dulani mbali zopanda ntchito. Ngati zilembo zikuvutabe, litumizeni ngati document, ngakhale lidye ma MB atatu.