Njanji ya Shire Highlands

Iyi ndi njanji yoyamba m'Malawi. Inatsegulidwa mu 1908, kuchokera ku Port Herald, komwe lero ndi ku Nsanje, kukafika ku Blantyre, mtunda wa mamailosi 113. Mpata wa pakati pa zitsulo zake ndi mamilimita 1,067. Sitima zake zoyamba zinali zamoto, zoyenda ndi nthunzi. Zikachoka m'chigwa cha Shire, zinkakwera pang'onopang'ono motsata mtsinje wa Ruo, kudzera ku Sandama ndi ku Luchenza, mpaka ku Limbe.

Siteshoni ya Luchenza ndiyo inali khomo la tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje. Mabokosi a tiyi ochokera m'maesiteti ankapakiridwa pamenepa pa ulendo wopita kunyanja yamchere. Poyamba katundu ankawoloka Zambezi pa boti. Mlatho wa Dona Ana wa pa mtsinjewu utatsegulidwa mu 1935, sitima zinayamba kufika ku Beira popanda kutsitsa katundu panjira.

Mu 1997 madzi osefukira anadula njanjiyi ku Chiromo, ndipo sitima zinaleka kuyenda mtunda wonse wa pakati pa Nsanje ndi Blantyre.