Mmene mzinda wa Tete unayambira ndi kukula

Mukaima ku Matundo n'kuyang'ana tsidya lina la Zambezi, mukuona umodzi wa mizinda yakale kwambiri m'Mozambique. Eni dera amaucha Nyungwe.

Tete anayamba ngati doko la malonda. Aswahili ankabwera kudzagula golide ndi minyanga ya njovu. Ca m'ma 1531, Apwitikizi anakhazikika pomwepo pofuna golide wa kwa Mwenemutapa. Mu 1761 malowa anakhala tauni, ndipo pa 21 Malichi 1959 anakwezedwa kukhala mzinda.

Nanga Matundo? Kale anthu ankawoloka pa bwato kapena pantoni. Mlatho umene lero timati wa Samora Machel unatha mu 1973, n'kulumikiza mbali ziwirizi. Msewu wa ku Moatize, Zóbuè ndi Malawi umadutsa konkuno.

Migodi ikuluikulu ya malasha itatsegulidwa ku Moatize mu 2011, ofuna nchito anakhamukira kuno. Mu 1997 anthu a mu Tete anali ongopitirira 100,000, koma mu 2017 anaposa 300,000. Ngati mumacita lendi, mukudziwa kale zimene kuculukana kumeneku kunacita ku mitengo ya nyumba.