Malamulo a zolemba pa paketi ndi mwana wowengedwa ndi chakudya

Mu Julayi 2016, mtsikana wa zaka 15, Natasha Ednan-Laperouse, anamwalira atadya buledi amene anagula pabwalo la ndege la Heathrow ku London. M'bulediyo munali chitowe, chomwe chinkamuwenga, koma pa paketi sanalembepo. Imfa yake inabala lamulo lotchedwa Natasha's Law, limene linayamba kugwira ntchito ku Britain pa 1 Okutobala 2021. Lamuloli limakakamiza ogulitsa kulemba zonse zimene zili m'chakudya chomwe akonza ndi kukulungiratu pamalo awo.

Mayiko amasiyana pa zakudya zimene amalamula kuti zitchulidwe. Britain ndi mayiko a European Union ali ndi 14, ndipo zimalembedwa moonekera, kawirikawiri m'zilembo zakuda kwambiri. United States inali ndi 8 potsatira lamulo la 2004, ndipo inawonjezera chitowe mu Januwale 2023. South Africa, kumene kumachokera zakudya zambiri za m'masitolo a ku Malawi, imafuna kuti mazira, mkaka, nsomba, nkhanu, mtedza, soya ndi tirigu, mwa zina, zitchulidwe.

Popeza zolembazi zimakhala m'Chingerezi, kholo liyenera kudziwa mawu angapo. “Contains” akutanthauza kuti chinthucho chilimo ndithu. “May contain” ndi chenjezo lakuti tizidutswa tingalowemo pokonza. M'mayiko ambiri chenjezoli sililamulidwa, choncho kusowa kwake si umboni wakuti chakudyacho ndi chabwino. Mayina ena amabisa gwero lake: “whey” ndi “casein” ndi za mkaka, “albumin” kawirikawiri ndi ya mazira, ndipo “arachis oil” ndi mafuta a mtedza. Paketi iyenera kuwerengedwa nthawi iliyonse pogula, chifukwa kampani ikhoza kusintha kakonzedwe dzina likhalabe lomwelo.

Chitetezo cha zolembazi chimathera pa chakudya cha m'paketi. Mandasi a pamsika, ndiwo zotendera, futali ndi phala lothira nsinjiro sizikhala ndi zolemba. Apa chimene chimateteza mwana ndi kufunsa wophika, komanso kudziwitsa aphunzitsi ndi achibale omwe amamudyetsa.

Mwana akatupa milomo kapena lilime, akayamba kubanika, kapena akalefuka mwadzidzidzi atangodya, ayenera kuthamangira naye kuchipatala nthawi yomweyo. Mankhwala oyamba pa vuto lotere ndi jakisoni wa adrenaline. Ndi bwino kutenganso paketi ya chakudyacho kuti adokotala aone chimene wadya.