Kuzindikira disiki yowonongeka mu seva ya pakhomo poona timagetsi

Seva ya pakhomo ndi kompyuta imene imakhala yoyaka usana ndi usiku, n'kumasunga zithunzi, mafilimu ndi zikalata za banja kapena za bizinesi yaing'ono. M'kati mwake mumakhala madisiki anayi, asanu ndi atatu kapena kuposerapo, ndipo nthawi zambiri amakhala ofanana maonekedwe. Imodzi ikawonongeka, mwini seva amayenera kudziwa kuti pa madisiki onsewo yochotsa ndi iti.

Kuopsa kolakwitsa

Ma seva ambiri amagwiritsa ntchito njira ya RAID, imene imagawa mafayilo pa madisiki angapo kuti imodzi ikafa zinthu zisatayike. RAID 5 imapirira kufa kwa disiki imodzi yokha, pamene RAID 6 imapirira madisiki awiri. Choncho ngati pa RAID 5 disiki imodzi yafa kale, munthu n'kuzula yabwinobwino molakwitsa, ndiye kuti awiri asowa nthawi imodzi. Seva imasiya kuwerenga mafayilo ndipo pena kuwabweza kumavuta kwambiri.

Mayina amene kompyuta imapatsa madisiki sathandiza mokwanira. Pa Linux madisiki amatchedwa sda, sdb, sdc ndi ena otero, koma mayinawa amaperekedwa motsatira dongosolo limene kompyuta yawapezera poyaka. Magetsi akathima seva n'kuyakanso, disiki imene inali sdb ikhoza kukhala sdc. Komanso dzinalo silinena kuti disikiyo ili m'chipinda chiti.

Tanthauzo la timagetsi

Seva imene ili ndi tizipinda tolowetsamo madisiki kutsogolo nthawi zambiri imakhala ndi timagetsi tiwiri pa chipinda chilichonse. Kamodzi, kamene kawirikawiri kamakhala kobiriwira, kamathwanima disiki ikamawerenga kapena kulemba. Kachiwiri kamasonyeza mmene disikiyo ilili.

Pali muyezo wotchedwa IBPI, wolembedwa m'chikalata cha SFF-8489, umene umalongosola kathwanimidwe kake. Kagetsi kachiwiri kakamathwanima kanayi pa sekondi ndiye kuti munthu walamula kuti disikiyo idzionetse. Kakayaka osathima ndiye kuti disiki yafa, ndipo kakamathwanima kamodzi pa sekondi ndiye kuti seva ikulembamo mafayilo kuti disikiyo ilowe m'malo mwa yakale.

Si makampani onse amatsatira muyezowu. Pa ma seva a Dell PowerEdge, kuwala kobiriwira kothwanima kawiri pa sekondi kumasonyeza disiki imene ikufunidwa, pamene kuwala kwachikasu kothwanima kanayi pa sekondi kumatanthauza kuti yafa. Ma seva a HP ProLiant amalozera disiki ndi kuwala kwa buluu. N'chifukwa chake ndi bwino kuwerenga buku la makina anu musanamasulire kuwala kulikonse.

Kuyatsa kagetsi ka disiki imene mukufuna

Lamulo lochokera ku pulogalamu limafika ku timagetsi kudzera pa SGPIO kapena SES, njira zimene khadi loyendetsa madisiki limalankhulirana ndi bolodi limene madisikiwo amalumikizidwapo. Pa Linux pali pulogalamu ya ledctl, imene imabwera ndi ledmon. Mukalemba `ledctl locate=/dev/sdb` kagetsi ka disikiyo kamayamba kuthwanima, ndipo `ledctl locate_off=/dev/sdb` imakathimitsa. Amene ali ndi makhadi a LSI kapena Broadcom amagwiritsa ntchito sas2ircu, sas3ircu kapena storcli. Makina a Synology ali ndi batani lochitira zomwezi m'pulogalamu yawo yoyang'anira madisiki.

Ngati lamuloli silikugwira

Mabokosi ena otchipa ali ndi kagetsi kosonyeza ntchito kokha. Pamenepo disiki imapatsidwa ntchito yowerenga mosalekeza kuti kagetsi kake kaoneke kosiyana ndi tinzake. Lamulo lake ndi `dd if=/dev/sdb of=/dev/null`. Lilembedwe mosamala, chifukwa dzina la disiki likapita kumbali ya `of`, pulogalamuyi imalemba pa disikiyo m'malo mowerenga. Disiki imene yaferatu siyankha, kotero mumayesa amoyo mmodzimmodzi, ndipo chipinda chimene kagetsi kake sikanayake n'chimene muli yowonongeka. Njirayi imaoneka bwino pamene seva sikuchita ntchito ina.

Kompyuta wamba imene yasandutsidwa seva imakhala ndi kagetsi kamodzi ka madisiki onse, choncho sikangaloze disiki iliyonse payokha. Apa chodalira ndi nambala ya siriyo.

Nambala ya siriyo ndiyo umboni womaliza

Disiki iliyonse ili ndi nambala ya siriyo imene sisintha, ndipo imasindikizidwa pa chikwangwani chake. Lamulo la `lsblk -o NAME,SERIAL` limaonetsa dzina ndi nambala ya disiki iliyonse, ndipo `smartctl -i /dev/sdb` imaonetsa ya disiki imodzi. Ntchitoyi ndi yofunika kuichita seva ili bwinobwino, chifukwa disiki ikafa pena sionekanso pa mndandanda. Lembani manambala anayi omaliza pa kapepala komata, muike pa chitseko cha chipinda chilichonse, ndipo mndandanda wonse muusunge papepala pafupi ndi seva.

Tsiku losintha disiki likafika, yambani ndi kukopera kwina mafayilo ofunika kwambiri. Kenaka lembani nambala ya disiki yowonongeka, yatsani kagetsi kake, ndipo yerekezani nambalayo ndi ya pa chitseko. Ngati simukudziwa kuti bokosi lanu limalola kuzula disiki makina ali oyaka, thimitsani seva kaye. Mukazula, werenganinso nambala ya pa disikiyo musanalowetse yatsopano. Kuwala ndi nambala zikasemphana, khulupirirani nambala.